Nyumba Yopindika ya ku Cheshire

A malume anga ndi kalipentala. Anayamba kukhoma madenga ine ndisanabadwe, ndipo kuchokera kwathu ku Mulanje mpaka ku Luchenza ndi ku Limbe kuli nyumba, masukulu ndi matchalitchi amene anthu amabisalamo mvula chifukwa cha manja awo. Ali ndi khalidwe limodzi limene ngakhale akazi awo analephera kuwasiyitsa: akalowa m'nyumba ya eni, moni usanathe n'komwe, maso amakhala ali kudenga kale.

Chaka chatha anabwera kuno ku England ku ukwati wa mlongo wanga, poti ndiwo mwini mbumba. Ukwati utatha anatsalira kwathu ku Stoke-on-Trent, ndipo ndinasowa kowapititsa. M'mashopu akuluakulu anangoyendamo manja ali kumbuyo. Nyumba za njerwa zofiira zondandana m'misewu yathu anati ukaona imodzi waona zonse. Ndiye Loweruka lina ndinawakweza galimoto n'kulowera kumpoto pa msewu wa A34, cha ku Congleton m'chigawo cha Cheshire, kumene kuli nyumba yamatabwa yotchedwa Little Moreton Hall. Sindinawauziretu kanthu. Ndinkafuna ndione nkhope yawo.

Titangoyandikira n'kuiona bwino, anaima. Anavula chipewa, n'kuchivalanso.

"Mphwanga, anthu awa akulowamo bwanji mmenemo? Nyumbayi ikugwa."

Ndinawauza kuti yakhala ikugwa chonchi kwa zaka zoposa 400. Sanaseke. Anatsinzina diso limodzi, monga amachitira akamayesa ngati thabwa lili lowongoka, n'kunena kuti mmisiri amene anamanga zimenezi ayenera kuti ankagwira ntchito atalawa.

Mmene imaonekera

Nyumbayi yazunguliridwa ndi ngalande ya madzi, yotambalala pafupifupi mamita 10, ndipo polowa umawoloka kamlatho ka miyala. Ngalandeyo sinali ya nkhondo ayi, inali yoti odutsa adziwe kuti pano pali ndalama. Mbali imene umayamba kuiona ili ndi nsanjika zitatu. Yapamwamba ndi chipinda chimodzi chachitali, cha mawindo okhaokha, ndipo chakhala pamenepo ngati mtolo wa nkhuni pamutu pa mwana amene wasenzetsedwa woposa msinkhu wake. Mitanda yapindika, makoma afufuma, mawindo ena apendama. Palibe mzere wowongoka umene diso lingapumirepo.

Ukadutsa pachipata umatulukira pabwalo loyalidwa miyala, nyumba itakuzinga mbali zitatu. Chigawo chakale kwambiri chili kutsogolo kwako, chimene mwini wake woyamba, William Moreton, anayamba kumanga cha m'ma 1504 mpaka 1508. Ana ndi zidzukulu zake anapitiriza kuwonjezera, uyu chipinda, uyu chipata, mpaka cha m'ma 1610. Banjali silinali lachifumu. Anali eni minda amene analemera pogula malo, makamaka mliri wa 1348 utapha anthu ochuluka n'kusiya minda yopanda eni, ndipo ankafuna kuti kulemerako kuoneke.

Kumaonekadi. Khoma lililonse ladzaza mitengo yopingasa, yokhota, yopanga timaluwa ta masamba anayi, yambiri mwa iyo yosanyamula kanthu. Nthawi imeneyo matabwa a oak, mtengo wolimba wa kuno, anali chuma, ndiye kuwamwaza chonchi pakhoma kunali kudzionetsera. Magalasi nawo anali odula, koma nyumbayi ili ndi tizidutswa ta galasi pafupifupi 30,000 tolumikizidwa ndi mtovu. Malume anawerengera m'mutu matabwa a khoma limodzi lokha n'kunena kuti angakwane kufolera sukulu ya pulayimale.

Mtundu wakuda ndi woyera umene anthu amaujambula kwambiri si wa eni ake oyamba. Unabwera m'zaka za m'ma 1800, pamene anthu a kuno anayamba kukonda kupaka phula mitengo ya nyumba zotere. Poyamba oak ankangomusiya kuti atuwe yekha, ndipo pakati pa mitengo pankakhala mtundu wa dothi.

Popanda msomali

Malume analowa ali ndi mkwiyo wa mmisiri amene waona ntchito yoipa, koma mkwiyowo unayamba kusungunuka pa nsanamira yoyamba imene anaiyandikira. Anafunafuna mutu wa msomali pa joini, osaupeza. M'malo mwake panali timitu ta mitengo totuluka pang'ono.

"Zikhomo izi?"

Mayi wina wachikulire, mmodzi wa anthu amene amadzipereka kulandira alendo pamalopo, anatifotokozera, ine ndikumasulira pamene Chingelezi chake chinathamanga. Mtengo wina amausema lilime, wina amauboola mphako, n'kulowetsana. Kenako amaboola bowo lopyoza yonse iwiri n'kukhomeramo chikhomo cha oak. Nzeru yake ili pa bowolo: la pa lilime amaliboola litasemphana pang'ono ndi la pa mphako, kuti chikhomo chikamalowa chizikoka mitengo iwiriyo mpaka igwirane zolimba. Mafelemu onse ankawapanga pansi kaye, n'kulemba zizindikiro pa joini iliyonse, kenako n'kuwamasula, kukawadzutsa pamalo pake.

Chimene chinawadabwitsa kwambiri n'chakuti mitengoyo ankaisema ili yaiwisi. Malume akhala akukangana ndi makasitomala moyo wawo wonse pa nkhani ya matabwa osauma, ndiye kumva kuti nyumba yonseyi inamangidwa ndi mitengo yamadzi kunawapweteka. Chifukwa chake n'chakuti oak akauma amalimba koopsa, moti tchizulo ya nthawi imeneyo inkavutika naye. Ankamusema akadali wofewa, n'kumusiya kuti aumire m'nyumba momwemo. Akamauma amapotoka ndi kung'aluka, ndipo kupindika kwina kumene timakuona kunachokera pamenepo.

Pakati pa mitengo ankatsekapo bwanji? Ankaimika timitengo, n'kulukapo nthambi zopyapyala, n'kumata dothi losakaniza ndi udzu, ubweya ndi ndowe, pamwamba n'kupaka laimu. Ndisanamalize kumasulira, malume anali atayamba kale kugwedeza mutu. "Nsichi ndi mbaliro basi. Nyumba ya agogo ako." Anatembenukira mayi uja n'kumufunsa m'Chingelezi chawo chapang'onopang'ono kuti chiswe amathana nacho bwanji. Mayiyo sanamvetse funsolo msanga. Kuno kulibe chiswe. Mdani wa matabwa kuno ndi chinyontho, ndi tizilombo tina timene timaboola oak wakale m'kati mwakachetechete. N'chifukwa chake mtanda wapansi sugona padothi, umagona pa kakhoma ka miyala.

Malume anakhala chete kanthawi, kenako anandiuza kuti dziko lopanda chiswe silingadzitamandire kuti limadziwa kusunga matabwa. Kwathu, anati, mtengo umene ungalimbe mtima kuima zaka zonsezi ndi mkungudza wa m'phiri, ndipo umenewo tinaumaliza tokha.

Pali chinthu china chimene chinawaseketsa. Pa mitengo yambiri ya m'nyumbamo pali zipsera zooneka ngati lawi la kandulo. Kale anthu ankaganiza kuti ndi ngozi za anthu osasamala. Ofufuza anayesa kuzipanga n'kupeza kuti chipsera chotere sichibwera mwangozi, umafunika kugwira lawi pamalo amodzi nthawi yaitali. Akukhulupirira kuti eni nyumba ankatentha dala pofuna kuiteteza ku moto, mphezi ndi mizimu yoipa. Malume anaseka mpaka alendo ena anacheuka. "Ndiye kuti nawonso ankatsirika?"

Dzina pa windo

Pabwalo paja pali mawindo awiri akuluakulu otulukira kunja, ogundana mitu pamwamba. Pa matabwa ake pasemedwa mawu m'Chingelezi chakale. Apamwamba amati Mulungu ndiye zonse mu zonse, ndipo mawindowa anawapangitsa ndi William Moreton m'chaka cha 1559. Uyu ndi William wachiwiri, mwana wa woyamba uja. Palibe chodabwitsa pamenepo. Mabwana amakonda maina awo.

Koma m'munsi mwake muli mawu ena: Richard Dale, kalipentala, anapanga mawindowa mwa chisomo cha Mulungu.

Ndinawawerengera malume kawiri. Ine ndinkayembekezera kuti akhudzidwa, mwina anene zakuti iwo akhoma madenga osawerengeka koma palibe pamene pali dzina lawo. Ndinafika powakumbutsa za tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre, chimene chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891: dzina limene tinaphunzira kusukulu ndi la David Clement Scott, pamene amene anaumba njerwa ndi kuziyala anali anthu akwathu. Malume sanatengeke nazo.

"Iwe ukuona ulemu. Ine ndikuona munthu wolimba mtima. Ukalemba dzina pa ntchito, windo likadontha aliyense akudziwa kwa kupita."

Kenako anawonjezera kuti mwina Dale ankangotsatsa malonda, kuti alendo a bwana akaona mawindowo adziwe womuitana. Anayang'ana majoini a mawindowo nthawi yaitali ndithu. Atamaliza anati munthu amene anapanga izi sangakhale yemweyo amene anapindika nyumba kutsogolo kuja. Panali china chake chimene sichinkagwirizana, ndipo anafuna kukwera akaone yekha.

M'chipinda chapamwamba

Makwerero ake ndi opapatiza, ozungulira mtengo umodzi. Malume ali ndi bondo lovuta, koma anakwera osapuma.

Chipindacho amachitcha Long Gallery. N'chotalika mamita 21, chopapatiza, mawindo mbali zonse. Mabanja olemera a nthawi imeneyo ankamanga zipinda zotere kuti aziyendamo ndi kusewera mvula ikamagwa kunja, ndipo kuseri kwa matabwa a khoma kunapezeka timipira ta tenisi takalekale. Pansi pake si pa matabwa. Anayala udzu ndi timitengo n'kutsirapo laimu wosakaniza ndi phulusa, kuti moto usafalikire. Pansipo pamakwera n'kutsika, moti ukamayenda mwendo wina umafika pansi mochedwa kuposa mmene umayembekezera.

Alendo ena ankajambulana. Malume anagwada pakona, bondo lovuta lomwelo, n'kuika tsaya pafupi ndi pansi kuyang'ana kutalika kwa chipinda chonse. Anadzuka, n'kupita pawindo kusuzumira pansi. Anabwerera pakati, maso kudenga. Anayenda kuwerenga mapaso, n'kupitanso pawindo. Ine ndinangoima, ndikuchita manyazi pang'ono ndi anthu amene ankatiyang'ana.

"Denga ili n'la miyala?"

Ndinati inde. Ndi miyala yaphanthiphanthi yokumbidwa m'dera lomwelo, ndipo ya pa chipinda ichi chokha imalemera matani oposa 30.

"Chipinda ichi sichinali pa pulani."

Ndinawafunsa kuti adziwa bwanji. Anandikokera pawindo n'kundionetsa kuti makoma a chipindachi sanakhale pamwamba pa nsanamira za nsanjika yapansi. Akhala pa mitanda ya siling'i ya chipinda cham'munsi, pamene palibe chochirikiza. Munthu amene akudziwa kuyambira pa maziko kuti pamwamba padzakhala katundu wotere, anati, amaimika nsanamira kuchokera pansi mpaka kudenga, imodzi pamwamba pa inzake. Apa wina anamanga nsanjika ziwiri bwinobwino, kenako wina anabwera n'kunena kuti tawonjezerani china pamwamba.

Ndinapita kukafunsa bambo wina wodzipereka amene anaima pakhomo. Anamwetulira n'kunena kuti akatswiri a mbiri ya zomangamanga amaganiza chimodzimodzi: chigawo ichi chinayamba kumangidwa cha m'ma 1560, ndipo chipinda chapamwambachi chikuoneka kuti chinaganiziridwa ntchito ili m'kati. Nditawauza malume, sanaonetse kunyada. Anangoti, "Ndikumudziwa bwana ameneyo. Ndamugwirira ntchito kambirimbiri." Anayamba kundisimbira za makasitomala amene amabwera nyumba itafika pa lintala, ataona ya mnzawo ku Namiwawa, n'kunena kuti a misiri, apa tangokwezani pang'ono, ndalama si vuto. Ukakana, amaitana wina. Ukavomera, mlandu ndi wako mpaka imfa.

Kenako anayamba kuwerenga denga lija mokweza, ine ndikutsatira chala chawo. Mapaso okhota aja ndi a mmisiri woyamba. Mitanda yopingasa iyo, anati, si yake, kasemedwe kake n'kosiyana. Wina anadzaiika ataona kuti makoma ayamba kutanuka. N'zoona, inawonjezedwa pambuyo pake, mwina m'zaka za m'ma 1600. Ndodo zachitsulo zodutsa chipinda kuchoka khoma ili kufika ilo ndi za munthu wachitatu. Zinaikidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Bambo uja anatiuzanso za wachinayi amene sitikanamuona: chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 mainjiniya anabisa zitsulo m'kati mwa nyumbayi kuti zinyamule kulemera kwa chipindachi.

Malume anaika dzanja pa nsanamira imodzi. Sindikudziwa ngati n'zololedwa, koma palibe anawaletsa.

"Mphwanga, ndinamunyoza pachabe munthu uja. Anamusenzetsa miyala pamalo olakwika, mitengo inapinda, koma taona, joini sinamasuke. Ikanakhala ya misomali bwenzi anthu atatola nyumbayi m'madzi umo kalekale."

Ndakhala kuno zaka zambiri, ndipo nyumba zoterezi ndinkaziona ngati zinthu za anthu olemera akale zimene anthu olemera a lero amakonda kukaonera Lamlungu, n'kumwa tiyi. Pa mphindi imeneyo ndinaona china. Ndinaona amisiri a mibadwo yosiyana, osadziwana, aliyense akulimbana ndi chosankha chimodzi choipa cha munthu amene anamwalira kale, ndipo ntchito ya aliyense ikuonekabe kwa wodziwa kuiwerenga. Ine ndinali nditalowamo kale m'chipinda chimenechi, n'kungoona pansi pokhota poseketsa.

Anaisunga ndi umphawi

Funso limene malume anafunsa tikutsika linali lakuti, nanga eni ake, poti anali ndi ndalama, analekeranji kugwetsa n'kumanga yabwino? Mabanja ambiri olemera a ku England anachitadi zimenezo. Fashoni itasintha, anagwetsa nyumba zamatabwa n'kumanga za njerwa ndi miyala, kapena kuzikuta ndi khoma latsopano kutsogolo.

A Moreton sanathe chifukwa ndalama zinawathera. Pa nkhondo yapachiweniweni imene inayamba mu 1642 anaima kumbali ya mfumu Charles I, ndipo mbali imeneyo inagonja. Nyumba inalandidwa kwa kanthawi, asilikali a Nyumba ya Malamulo n'kumagonamo. William Moreton wachitatu anamwalira mu 1654 atasiya ngongole zimene ana ake sanathe kutulukamo. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1600 banjali linali litasamuka, nyumba n'kumabwereketsa kwa alimi.

Mlimi wa lendi sagwetsa nyumba ya eni, komanso saikongoletsa. Amakhala m'zipinda zimene zili bwino, zina n'kusungiramo katundu. M'zaka za m'ma 1800 katchalitchi ka m'nyumbamo kanasanduka mosungira malasha. Kwa zaka pafupifupi 200 panalibe amene anali ndi ndalama kapena chifukwa chosinthira kanthu, ndipo n'chifukwa chake lero tikuona nyumba ya m'zaka za m'ma 1500 pafupifupi mmene inalili. Ngakhale zithunzi zojambulidwa pakhoma la chipinda china, zosimba nkhani ya m'Baibulo ya Suzana ndi akuluakulu awiri, zinapulumuka chifukwa wina anazikuta ndi matabwa n'kuiwalika, mpaka zinatulukira mu 1976.

Koma kusiyidwa kumasunga mpaka pena pake. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 nyumbayi inali pafupi kugwadi. Amene anaipulumutsa ndi Elizabeth Moreton, sisitere wa mpingo wa Anglican, amene anailandira ngati cholowa mu 1892. Ndodo zachitsulo zija ndi za nthawi yake, ndipo katchalitchi kaja anakakonzanso. Atamwalira mu 1912 anaisiyira msuweni wake Charles Abraham, bishopu wa ku Derby, n'kulamula kuti isadzagulitsidwe. Bishopuyo anapitiriza kukonza, ndipo mu 1938 anaipereka ku National Trust, bungwe losamalira nyumba ndi malo akale.

Lamulo linafika mochedwa

Lero nyumbayi ili ndi zotchinga zingapo. National Trust, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1895 ndipo si la boma, lili ndi mphamvu yochokera ku lamulo la 1907 yolengeza kuti malo ake sangagulitsidwe kapena kupinyolitsidwa. Amene angasinthe zimenezo ndi Nyumba ya Malamulo yokha. Chachiwiri, nyumbayi ili pa mndandanda wa boma wa nyumba zotetezedwa, umene unakhazikika pambuyo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, mabomba atagwetsa zambiri. Mndandandawo ku England uli ndi nyumba pafupifupi 400,000 m'magulu atatu, ndipo Little Moreton Hall ili m'gulu lapamwamba, Grade I, mmene muli nyumba zosakwana zitatu pa 100 zilizonse. Chachitatu, nthaka imene yakhalapo pamodzi ndi ngalande ija n'zotetezedwa pazokha, moti sungangokumba dzenje popanda chilolezo.

Tanthauzo lake n'lakuti mwini nyumba yotere sangasinthe windo, khoma kapena denga mmene wafunira. Amayenera kupempha chilolezo, ndipo kuchita popanda chilolezo ndi mlandu wa kukhoti. Mtengo ukaola, sachotsa wonse. Amadula poola pokha n'kulumikizapo oak watsopano. Sementi saifuna, chifukwa imatsekera chinyontho m'kati mwa mtengo; amagwiritsa ntchito laimu ngati kale.

Apa ndi pamene ine ndi malume tinasiyana. Iwo anati yankho la nyumbayi n'losavuta: tsitsani miyala ija, folerani ndi chinthu chopepuka, mitengo ipume, ndalama zonse za zitsulo zikanatsala. Monga mmisiri akunena zoona. Koma lamulo silingalole, chifukwa miyalayo ndi kupindika kumene yabweretsa ndi mbali ya chimene chikutetezedwa. Mainjiniya aja sanapatsidwe ntchito yowongola nyumba. Anapatsidwa ntchito yoiimitsa pamene yafika, isapitirire komanso isabwerere.

Ine ndikuona kuti n'zoyenera. Nyumbayi itawongoledwa, malume sakanapeza chowerenga m'chipinda chija. Akanapeza chipinda chokongola chosanena kanthu za bwana wosintha maganizo, kapena za anthu amene anabwera pambuyo pake. Koma sindikufunanso kulipatsa lamulo ulemu woposa wake. Pamene mndandanda wa boma unkalembedwa, nyumbayi inali itapulumuka kale kawiri, koyamba ndi ngongole, kachiwiri ndi thumba la sisitere. Zinzake zambiri za ku Cheshire zimene eni ake anali ndi ndalama sizinadikire lamulo.

Mkangano wa m'galimoto

Pobwerera malume anabweretsa dandaulo lina, ndipo ili sindinathe kuliyankha bwino. Anati nyumba yonseyo, zipinda zonsezo, mulibe fungo la ndiwo. Zipinda zambiri n'zopandadi kanthu. Mwa mipando ndi matebulo a eni ake oyamba mwatsala zinthu zitatu zokha, kuphatikizapo tebulo lalitali lodyera ndi kabati ya timadilowa tambirimbiri. Kwa iwo nyumba imene simuphikidwa, simulira mwana, yasiya kukhala nyumba. Alimi a lendi aja, ndi malasha awo m'tchalitchi, anati ndiwo anali omaliza kuilemekeza.

Ndinawakumbutsa kuti kwathunso tili ndi nyumba zotetezedwa ndi lamulo, monga Mandala House ya 1882 ku Blantyre, ndipo palibe amene amadandaula kuti simugona munthu. Anati imeneyo ndi ya kampani, siinali ya banja la munthu wakumudzi. Ndinafunsa ngati sakanakonda kuti nyumba ya agogo, ya nsichi ndi mbaliro ija, ikanasungidwa. Anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana. Nyumba imeneyo, anati, inkamangidwa kuti ikhale zaka zingapo, chiswe chidye, anthu amange ina pambali pake, anyamata aphunzirepo kumanga luzi. Iwo anaphunzira choncho. Chimene chikuwadetsa nkhawa si nyumba ya agogo imene inagwa, koma kuti mwa anyamata amene amawaphunzitsa lero palibe amene angaimike tsindwi popanda paketi ya misomali ya mainchesi anayi.

Tinakangana mpaka ku Kidsgrove. Kenako anandipempha pepala, n'kujambula joini ija ali pampando, bowo la pa lilime litasemphana ndi la pa mphako, n'kundifunsa kuti mayi uja anati kusemphanako kukhale kwakukulu bwanji. Ndinati sanatchule. Anati adzapeza okha.

Atabwerera kumudzi anayesadi. Zikhomo zoyamba za bulugamu zinkathyoka. Za mlombwa zinagwira. Ananditumizira chithunzi pa WhatsApp cha felemu ya chitseko yopanda msomali ngakhale umodzi, ndipo pa foni ankamveka ngati mnyamata. Kasitomala woyamba amene anamuonetsa anaigwedeza, n'kuvomereza kuti njolimba, kenako anafunsa mtengo. Felemu yotere imadya tsiku lonse, pamene ya misomali amaimaliza dzuwa lisanafike pamutu. Kasitomalayo anasankha ya misomali, wachiwiri chimodzimodzi. Pakadali pano zikhomo zili pa benchi yawo yogwirira ntchito ndi pa chitseko cha khola la mbuzi, ndipo mwezi watha anandiuza kuti ndikadzabwera ndiwagulire tchizulo yopapatiza ya mamilimita 10, chifukwa imene ali nayo ikung'amba mphako.